Tsiku Limene Ndinatsatsa Chigayo Pamanda

Khalani pansi, abale anga, musandiimirire ngati ndine munthu wamkulu. Ena mwa inu mukundidziwa, ena mumangomva kuti kuchigayo cha Matchaina pa Domasi kuli bambo wina wotuwa ndi fumbi la mpunga amene amakana ngakhale thobwa likayamba kuwawasa. Munthuyo ndi ine. Dzina langa ndi Gedioni, kwathu ndi konkuno kwa Malemia. Abusa andipempha kuti ndilankhule nanu amene mukulimbana ndi mowa, komanso achinyamata amene mwayamba ntchito kwa amalonda obwera. Ndilankhula, koma ndikuchenjezeni: nkhaniyi ikamatuluka m'kamwa mwanga mtima umawira mpaka lero. Ndikakweza mawu musati ndikukalipira inu.

Chigayo chija ndi cha anthu awiri apachibale. Wamkulu amakhala ku Limbe, ndiye mwini chuma. Wamng'ono ndi a Liyu, amene anabwera kuno chitangotha chisankho cha matipate kudzakhazikitsa makina opunthira mpunga ndi kasitolo ka mbewu za ndiwo ndi mipope yopopera mankhwala. Anthu anawatcha a Nsapato, chifukwa ankayenda m'minda ya mpunga nsapato zili m'manja. Ine anandilemba ntchito chifukwa ndinali ndi kachingelezi ka kusekondale ndiponso pakamwa posatopa. Ntchito yanga inali kuwaperekeza ndi kuwamasulira.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankandinyansa, ndisaname. Tinkadzuka m'mawa, ulendo wapansi, kufika pakhomo pa mlimi, kukhala pakhonde. A Liyu ankafunsa za mwana wodwala, ankadya chinangwa chimene apatsidwa, akaona mpope wowonongeka ankaumasula n'kuukonza osalipiritsa. Tsiku lonse kutha osagulitsa ngakhale paketi imodzi ya kabichi! Ndikadandaula ankangoseka n'kunena m'Chichewa chawo chodukaduka, "Gedioni, ubale poyamba. Malonda abwera pambuyo." Ankati kwawo kampani yopanda ubale ndi anthu siyimirira, ndipo ali ndi mawu ake enieni a zimenezi, koma ine lilime limakana kuwatchula.

Ndipo malonda anabweradi. Woyamba kubweretsa mpunga wake anali a Namaona, mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu, munthu amene anandiphunzitsa kalasi ndili mwana. A Namaona akaponda penapake anthu ankapondanso pomwepo. Posakhalitsa pachigayo panayamba kukhala mzere wa matumba.

Koma wamkulu wa ku Limbe uja mzere umenewo unamuchepera. Anabwera pagalimoto, osatsika n'komwe kukaona minda, n'kunena kuti mng'ono wakeyo akugona. Masiku amenewo mukukumbuka, zipani zinali zitatiphunzitsa kuti munthu umamukopa ndi nsalu ndi chimkuzamawu. Ndiye wamkulu uja anadinditsa nsalu zokhala ndi chithunzi cha chigayo, anamangirira chimkuzamawu pa lole ya kampani, n'kuika m'manja mwanga ndalama zoti ndizisangalatsira akuluakulu a m'dera. Anandiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti, "Paliponse pamene pasonkhana anthu, iwe lengeza." Apachibale awiriwo anakangana m'chinenero chawo mpaka misempha ya m'khosi kuonekera. Anapambana ndi wamkulu, poti ndiye mwini thumba.

Ine ndinasankha mbali ya wamkulu. Nanga kukhala pakhonde n'kumadya chinangwa kungafanane ndi kukhala kutsogolo kwa lole, tayi pakhosi, mawu ako akumveka mpaka kuphiri? Ndipo ndinene chilungamo, chimkuzamawu chinagwirako ntchito. Anthu ochokera ku Naisi ndi ku Malosa anabwera kudzaona chigayo chimene chinkafuula m'misewu. Kutsatsa malonda si tchimo ayi. Kumamubweretsa munthu kamodzi, koma chomubweza kachiwiri ndi china.

Tsono akuluakulu aja! Apa ndi pamene mtima umandiwira. Kunali tcheya wina wa chipani, kunali wina amene ankalota zauphungu, ndi anzawo owatsatira pambuyo ngati ntchentche. Atangomva kuti Gedioni ali ndi ndalama zomangira ubale, ndinasanduka "bwana Gedioni". Masana alionse tinali pabotolo sitolo, nyama ya mbuzi ikuotchedwa, mabotolo akusinthana. Ankandilonjeza kuti atsegula zitseko, kuti mpunga wa kampani uzigulidwa ndi maofesi akuluakulu ku Zomba. Abale anga, anthu amenewo analibe ngakhale kambale ka mpunga koti n'kupunthitsa! Ubale wake unali wa pakhosi basi. Ine, amene ndinali ndisanalawepo mowa chibadwire, ndinayamba ndi botolo limodzi loti ndisawachititse manyazi alendo. Mvula isanagwe ndinali nditafika poti manja sakhazikika ndisanamwe.

Kenako a Namaona anamwalira.

A Liyu anali atagonekedwa kuchipatala ku Zomba ndi malungo. Nditawauza analira. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tenga lole. Tenga mpunga, tenga nkhuni. Pita, khala pansi. Usalankhule." Mawu omaliza aja anawabwereza. Ndinavomera ndi mutu.

Koma pobwera ndinadzera pabotolo sitolo. A tcheya atamva anaomba m'manja. Amvekere, "Bwana Gedioni, Malemia yense mawa akhala pamalo amodzi. Mwayi ngati umenewu ukuti uupezanso kuti? Ife andale maliro sitiwataya." Mawu a wa ku Limbe aja anabweranso m'mutu mwanga: paliponse pamene pasonkhana anthu. Ndinakweza mtolo wa nsalu mu lole.

M'mawa mwake ndinafika ndili ndi mabotolo angapo m'mimba. Ndinayamba ndi amayi amene ankaphika kuseri, aliyense nsalu yake. Analandira ndi manja awiri, maso pansi. Ndinalowa mpaka m'nyumba ya siwa n'kuika nsalu pamiyendo ya amayi a Namaona, amasiyewo, misozi ili m'masaya. Lole inanyamula bokosi bwinobwino mpaka kumanda. Zikanathera pamenepo mwina anthu akanati ndi umbuli wa mowa chabe.

Koma kumanda, bokosi lili pamphepete pa dzenje, woyendetsa mwambo anati kampani imene yathandiza ndi galimoto inenepo mawu. Ndinaimirira. Ndinapepesa bwinobwino, ndinatamanda malemu. Kenako pakamwa panga panapitirira. Ndinati malemu anali kasitomala wathu woyamba, ndipo amene akufuna kuwakumbukira bwino atsate mapazi awo kuchigayo. Ndinati kuyambira Lolemba mtengo wopunthitsira watsika. Ndinatchulanso mipope yatsopano imene inali itangofika kumene.

Kunangoti zii. Ngakhale ana amene anali kumsana anasiya kulira. Palibe anandikalipira, palibe ananditsonya. Woyendetsa mwambo anangoti, "Zikomo," n'kuyambitsa nyimbo. Inu nonse mukumudziwa zikomo ameneyo. Ine ndinamumva ngati kuyamika, ndinakhala pansi ndikudziona ngati ngwazi.

Lolemba lija pachigayo panafika agalu okha. Ndinaima pakhomo ndikuona amayi akudutsa ndi matumba pamutu, abambo akukankha njinga zolemedwa, onse kulunjika kuchigayo china cha ku Songani, chakutali ndiponso chodula. Ankandipatsa moni mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, a Gedioni?" n'kupitirira. Ena anabwerera ku mtondo ndi munsi. Nsalu zija sindinaone mayi ngakhale mmodzi atavala. Tinatsitsanso mtengo, tinazungulira ndi chimkuzamawu mpaka mawu kusasa, koma kunali ngati tikufuulira miyala.

Wa ku Limbe atamva anabwera akuthamanga. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye amene anati paliponse pamene pasonkhana anthu. Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Iwe ndiwe mwini dziko. Ine maliro a kwanu ndiwadziwa bwanji?" Ndinapsa mtima, ndinafuna kumugwira pakhosi. Munthu wandikankhira m'dzenje, lero akusamba m'manja! Koma chimene chinandipweteka koposa n'chakuti sananame. Mlendo akhoza kusadziwa. Ine ndinkadziwa. Ndinakulira m'maliro a m'mudzi uno, ndinkadziwa kuti pamanda munthu sutchula ngakhale mtengo wa mchere. Anandichotsa ntchito tsiku lomwelo.

Ndinapita kwa anzanga aja kuti andithandize. A tcheya anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kufunsa ngati amene walowa m'malo mwanga wadziwika kale. Kuyambira pamenepo ndinatsika msanga. Mowa wa m'botolo unatha, ndinalowa kachasu. Ndinagulitsa tayi, nsapato, njinga, wailesi. Akazi anga anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa mbewu imene anasungira dimba, ndipo poti ndinali mkamwini, ndinapeza chikwama changa chili panja. Ndinabwerera kwa amayi anga, munthu wamkulu wandevu, kukadya za nkhalamba. Ndinkawabera nkhuku. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo ndinadzuka ndili m'ngalande ya msewu wa ku Liwonde, buluku litanyowa, galimoto ya wofuna uphungu uja ikudutsa. Anandiimbira hutala, anthu a m'galimotomo akuseka. Mbuzi zimene anadya zija zinali zisanathe n'komwe m'mano mwawo.

Maliro a m'mudzi ndinasiya kupitako. Ndinkati ndi manyazi, koma anthu ankaona mwano. Belu likalira ine ndinkalowera kwa mayi wotcheza kachasu.

Ndiye amayi anga anadwala, osakhalitsa n'kutisiya.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa m'mawa umenewo ndi umene unandisandutsa munthu. Kutacha, amayi a Mvano anali m'nyumba akuimba, abambo atakhala panja. Koma adzukulu, amene amayenera kukhala atalawirira kumanda kukakumba, anali pansi pa mtengo wa mango, makasu atawagoneka patsogolo pawo. Dzuwa linakwera. Palibe anadzuka. Atsibweni anga anapita kukagwada kwa a Dikisoni, mkulu wa adzukulu, kufunsa chimene chalakwika.

A Dikisoni anayankha mokweza kuti ndimve. "Palibe chalakwika, akulu. Ife tikudikira a Gedioni atiuze mtengo wake. Paja iwo pamaliro ndi pamene amanenera mitengo."

Palibe anaseka. Anapitiriza: "Munthu ananyoza manda a a Namaona. Chichokereni pamenepo taika anthu angati m'mudzi muno, iye osaoneka? Lero aitane anzake a pabotolo sitolo adzakumbe."

Abale anga, ndinayang'ana kumsewu. Ndithu ndinayang'ana, ngati chitsiru, kuti mwina galimoto itulukira. Ndinali nditatumiza uthenga kwa onse aja. Mukudziwa yankho limene linabwera? A tcheya anatuma munthu kudzapepesa ndi pakamwa, n'kufunsanso ngati ndingawalankhulire kwa Matchaina kuti awabwereke chimkuzamawu cha msonkhano wa Loweruka. Mayi anga ali gone m'nyumba, thupi likuyamba kutentha, munthu akufunsa chimkuzamawu! Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kutentha m'makutu.

Amene anatulukira kumsewu anali munthu mmodzi, wapansi, nsapato zili m'manja. A Liyu. Opanda lole, opanda nsalu, atangonyamula kathumba ka mpunga paphewa. Anakapereka kwa amayi ophika, n'kubwera kudzakhala padothi pafupi ndi ine, munthu amene ndinawagwetsera chigayo. Ndinkanunkha kachasu wa dzulo lake, koma sanasunthe.

Tili chomwecho, m'nyumba ya siwa munatuluka amayi a Namaona. Anayenda mpaka pafupi ndi mtengo wa mango uja, n'kugwada chapatali monga amachitira amayi.

Anati, "A Dikisoni, wolakwiridwa ndine. Mwamuna anali wanga. Mwana uyu anandipweteka, ndipo sindinamukhululukire. Koma amene agona m'nyumbamu sanagulitse mpope pamanda a mwamuna wanga. Anandigoneka pamiyendo pawo tsiku la maliro lija. Musawalange iwo. Komanso taonani mlendoyu. Chitulukireni m'chipatala sanaphonyepo maliro m'mudzi muno, ndipo munda wanga chaka chino wandilimitsa ndi iyeyu, osatchulapo za chigayo ngakhale kamodzi. Ngati wobwera akudziwa kukhala pansi, ife eni ake tisiye mtembo m'nyumba?"

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Pamene ndinkagona m'ngalande, a Liyu ankalipira mlandu wanga ndi miyendo yawo.

A Dikisoni anadzuka. Kenako anatola khasu, n'kubwera kudzaliponya patsogolo panga. "Wofedwa sakumba, tonse tikudziwa. Koma lero uyamba ndiwe."

Ndinalitola. Tinapita kumanda, ine patsogolo. A Liyu anapempha khasu nawonso, koma a Dikisoni anawakaniza mwaulemu kuti mlendo sakumba, ndiye anatenga ndowa n'kumatitungira madzi. Dothi linali louma gwa. Manja anga, amene anazolowera botolo, anatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Ndinasanza m'mbali mwa dzenje. Adzukulu anangoima n'kumandiyang'ana mpaka dzenje litafika m'mawondo. Pamenepo a Dikisoni anati, "Tuluka," n'kudumphiramo okha. Ndinakhala pamulu wa dothi lija n'kulira ngati mwana, osati chifukwa cha amayi okha, koma chifukwa ndinaona chimene ndinagulitsa ndi pakamwa panga.

Tsono mverani zimene ndinachita pambuyo pake, poti misozi yokha sichiritsa munthu.

Maliro atatha ndinapita kwa mayi wa kachasu uja masana, makasitomala ake ali pomwepo, n'kumuuza kuti akadzandigulitsanso ngakhale kapu imodzi, iye ndi ine tikakumana kubwalo. Anandiseka, koma anthu anamva, ndipo zinandimanga ine mwini. Masiku oyamba thupi linandizunza. Ndinkatuluka thukuta, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Atsibweni anga ankanditsekera m'nyumba ndikawapempha, ndipo ndikayamba kutukwana sankatsegula. Inu amene mukufuna kusiya, pezani munthu wouma mtima chotero. Wachifundo adzakutsegulirani.

Kenako ndinakalowa gulu la adzukulu. Belu likalira ndinkakhala woyamba kufika ndi khasu. Ndinatumanso atsibweni kwa amayi a Namaona ndi nkhuku yopepesera. Nkhuku analandira, koma ine sananditchule dzina. Tikakumana panjira ankangoti, "Zikomo, bambo," n'kudutsa. Ndinadziwa kuti bala likadalipo.

Ndinapita kwa a Liyu kukapempha ntchito iliyonse. Wa ku Limbe anakana kumva dzina langa, ndiye a Liyu anandiika posesa mankhusu, n'kumandilipira za m'thumba mwawo. Anandiuzanso zoona zake: mkulu wawo anali atalamula kuti anthu akapanda kubwerera pokolola, chigayo chimasulidwe, iwo abwerere kwawo. Munthu amene anatiphera chigayo ndi nsalu zake ndi yemweyo amene ankaloza chala mng'ono wake kuti walephera malonda! Ndipo m'misika anthu ena ankati Matchaina alephera chifukwa ndi akuba. Akuba ake ati? Amene anadya ndalama za kampani ija ndi ife akuda anzanu, ena mpaka lero akuyenda ndi mimba zawo m'misonkhano.

Tinatsitsa chimkuzamawu pa lole n'kuchiika m'sitolo. Tinayambiranso kuyenda wapansi, khomo ndi khomo, ine pambuyo nditanyamula zipangizo zokonzera mipope. Nthawi ino sindinkamasulira zambiri. Ndinkakhala pansi, ndinkadya chinangwa. Akazi anga atamva kuti mvula yonse yatha ndisanalawe dontho, anatuma ankhoswe kuti ndibwerere. Koma pachigayo panali pakadali pouma. Ankabwera mmodzimmodzi, mozemba, ngati akuchita chinthu choletsedwa. Mudzi wonse unkadikira munthu mmodzi.

Achinyamata inu amene mwalembedwa ntchito ndi alendo, mundimve. Bwana wanu ali ndi ndalama, koma mudzi mukuudziwa ndinu. Akakutumani chinthu chimene mukudziwa kuti kwanu sichichitika, kanani, ngakhale atakwiya. Sanakulembeni kuti muzingogwedeza mutu. Ndipo akakupatsani ndalama zomangira ubale, yang'anani kaye ngati munthu amene mukumudyetsayo angabwere ndi khasu tsiku lanu loipa.

Mpunga unacha, anthu anamweta, anaomba. Wa ku Limbe anatumiza uthenga kuti akubwera ndi amakaniko kudzamasula makina. A Liyu anayamba kulongedza mabuku awo m'katoni. M'mawa wina ndikusesa pakhomo, ndinaona mayi akubwera ndi thumba pamutu. Anali amayi a Namaona. Ndinaganiza kuti adutsa monga mwa masiku onse, ndiye ndinapatuka ndi tsache langa. Anakhota. Anatula thumba lija patsogolo panga. Kumbuyo kwawo, chapatali, kunali amayi ena ataima ndi matumba awo, akuyang'ana.

Ndinagwada kuti ndimasule thumbalo. Kukamwa kwake linali lomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa, ndipo ndinakazindikira msanga, chifukwa panali kachidutswa ka chithunzi cha chigayo. Inali nsalu ija ndinaika pamiyendo pawo m'nyumba ya siwa. Ntchito yokhayo imene nsalu zodula zija zinagwira m'mudzi muno ndi imeneyo, kumanga thumba.

Amayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Gedioni, mwana wanga, upunthe bwino. Usandiswere mpunga."

Anali atanditchula dzina. Ndinasenza thumba lija kulowa nalo mkati, a Liyu analiza injini, ndipo nditatulukanso ndinapeza matumba afola mpaka kumsewu.

Ndi zimenezo, abale anga. Amene mukuti mwagwa kwambiri moti simungadzukenso, bwerani kuchigayo mudzaone zipsera za m'manja mwangamu. Koma mukamabwera, musaiwale kampunga.